Misomali Inayi ya M'denga

Pa zaka makumi atatu zomwe ndagwira ntchito kupolisi ndaona anthu ophedwa ndi zikwanje, poizoni wa tameki, ngakhale mpini wa khasu. Wophedwa ndi fani ndinali ndisanamuonepo mpaka Lolemba lija la mu Okotobala.

Ndine Sajenti Marjory, wofufuza milandu. Panthawiyo n'kuti kwatsala miyezi isanu ndi iwiri kuti ndipume pantchito, ndipo masiku ndinkawawerenga ngati mkaidi. Maondo ndiye anali atapuma kale osandidikira.

Nkhani yake inali yotere. Mayi Malita, okalamba, odwala mtima ndi kutupa miyendo, anali chigonere m'chipinda chawo masana. Fani ya kudenga inazuka ikuzungulira n'kuwagwera pamphumi ndi pachifuwa. Pomafika nawo kuchipatala pa Boma n'kuti atatisiya kale. Dzuwa lisanalowe, anzanga anali atakamutenga pa Chonde mmisiri wa zamagetsi amene anaika faniyo, dzina lake Hussein, n'kumutsekera. Lachitatu masana amayenera kukaonekera kukhoti pamlandu wophetsa munthu chifukwa chogwira ntchito mosasamala. Lachitatu lomwelo ndi limene a Malita amakaikidwa m'manda.

Abwana anandiponyera faelo Lachiwiri m'mawa. “Yophweka iyi, Sajenti. Mungotenga masitetimenti basi.”

Milandu yonse imene inandithera nsapato inayamba ndi mawu amenewo.

Hussein ndinamupeza atakhala pabenchi, dzanja limodzi litagwira buluku poti lamba anali atamulanda. Anali bambo wowonda wa zaka za m'ma fote, maso ali psuu. Sanadikire kuti ndimufunse.

“Mayi, ndikufunseni kaye ine. Faniyo yatsika ndi chiyani kumutu kwake?”

“Yatsika ndi kulemera kwake. Funso ndi langa pano.”

“Ayi mayi, pepani. Bawuti wathyoka? Mbedza yawongoka? Chifikireni muno palibe akundiuza.”

Ndinamuuza kuti afotokoze mmene anagwirira ntchitoyo, kuyambira pachiyambi. Anafotokoza ngati akuphunzitsa kalasi, manja ali m'mwamba, mpaka buluku linatsala pang'ono kumuthawa.

“Nyumba ija ndi yakale, ya nthawi ya azungu a pa esiteti ya tiyi. A Pilato, amuna awo a malemu, anapatsidwa popuma ntchito. Siling'i yake ndi ya mabodi ofewa, chala chokha chimaboola, simungapachikepo ngakhale chipewa. Ndiye mu Ogasiti muja, mwana wawo wamkazi, a Diana, atagula mafani awiri, ndinakwera m'denga. Mawaya amene ndinapezamo ndi aja akalekale okutidwa ndi nsalu, makoswe atadya. Ndinati awa sindilumikizako kanthu. Ndinakoka waya watsopano kuchokera pabokosi la mafyuzi. Kenako ndinasankha mtanda, ndinauboola kuchokera pansi mpaka kutulukira pamwamba, n'kulowetsa bawuti wa mbedza, wotalika chonchi. Pamwamba washala wamkulu, manati awiri, kenako kadontho ka penti yofiira. Kadonthoko ndi chizindikiro changa, nati akasuntha ndimadziwa. Ndikatha apo ndimalendewera ndekha pambedzapo. A Pilato anandiona, anaseka kuti ndili ngati mleme.”

“Aliyense m'chitokosi muno ntchito yake inali yabwino,” ndinatero.

“Wallahi, mayi! Mtanda wake si wamasewera. Mkungudza weniweni wa m'phiri umu. Pobowola, fungo linadzaza chipinda chonse, mayi aja mpaka anamwetulira pabedi pomwepo. Mkungudza chiswe sichiyandikira. Ungawole bwanji m'miyezi iwiri?” Anakokera buluku m'mwamba. “Kungoti mitanda ina cha kuseri ndinaona kuti ndi ya paini watsopano. Ndinadabwa, koma sizinali zondikhudza.”

Ndinatseka kabuku. Iye anatsitsa mawu.

“Ndili ndi ana anayi. Pa Chonde ayamba kale kunena kuti Hussein wapha munthu. Anthu musawafunse kwambiri, mayi. Kwerani m'denga mukaone nokha.”

Kukwera m'denga, ine, ndi maondo awa. Ndinangoti mumtima, iweyo ukundidziwa bwino.

Ndisanatuluke ndinadutsira m'chipinda chosungira katundu wa umboni. Fani inali pakona, yoyera, phiko limodzi litapindika, pali magazi ouma. Ndinaitembenuza. Kumutu kwake kunali kachitsulo kophwatalala kopindidwa ndi hamala, ndipo m'kachitsulomo munali misomali inayi ya mainchesi sikisi, yowongoka, yonyezimira. Mawaya anali ongopotana n'kukulungidwa ndi mphira ya chubu cha njinga.

Bawuti panalibe.

* * *

Minibasi inanditsitsa pamsewu, kotsalako ndinayenda wapansi pakati pa minda ya tiyi, dzuwa likuswa mtengo. Nyumba ya a Pilato inali kumapeto kwa esiteti, yanjerwa zofiira, malata adzimbiri, khonde lozungulira. Anamfedwa anali atasonkhana kale. Azibambo anali pansi pa mtengo wa mango, azimayi pabalaza akuimba motsitsa. Thupi linali lidakali kuchipatala.

Diana, mwana wa malemu, anandilandirira pakhonde. Ndi nesi ku Blantyre, ndipo amayankhula mwachangu ngati wina akumudikira pakhomo.

“Sajenti, ine sindikufuna zambiri. Munthu ameneyo asatuluke. Ndinachita kufunsa kwa anthu atatu, onse akuti Hussein ndi katswiri, ali ndi mapepala. Katswiri wake ameneyu?”

“Mafaniwo anaganiza zogula ndani?”

“Ndine.” Anayang'ana kumbali. “Amayi amabanika nyengo yotentha. Nyumba ino Okotobala imakhala uvuni. Ababa amakana, amati denga lino lisakhudzidwe, ndi lakale. Ndinawakakamiza ndine. Ndimati amayi azipumako bwino.” Mawu ake anasanduka akuthwa. “Ndawasamala odwala a eni ake zaka khumi ndi zisanu, anga afe ndi chinthu chomwe ndagula ndekha?”

Apa ndinamvetsa chifukwa chake amafunitsitsa Hussein atamangidwa. Mlanduwo ukapanda kukhala wa Hussein, Diana amaona kuti utsalira iye. Ndinamumvera chisoni, ngakhale ankandiyankhula ngati ndine wantchito wake.

“Chiikireni mafaniwo, alipo wina anakwerapo m'denga?”

“Akwere ndani? Muno mumakhala anthu awiri okalamba. Ababa nawonso kuyambira dzulo zawasokonekera. Ndimafuna ndikagule bokosi labwino ku Limbe, akana. Akuti akhoma okha. Munthu wazaka sevente-thuu, manja akunjenjemera, akhoma bokosi pofika mawa? Ndangowasiya, ndatopa nazo zokangana.”

Ndinapempha makwerero.

M'chipinda cha malemu bedi linali litakankhidwira kukhoma. Pakati pa siling'i panali chibowo, waya akulendewera. Polowera m'denga panali mukhonde la m'kati. Ndinakwera makwerero ndikutukwana mumtima sitepe iliyonse, ndikutukwana Hussein, abwana anga, ndi amene anayambitsa mafani. M'mwambamo munali mdima ndi kutentha kosaneneka, fungo la mileme lili guu. Ndinayatsa tochi n'kuyamba kukwawa.

Waya watsopano ndinamuona, woyera, wokhomeredwa mwadongosolo kuchokera kumene kuli bokosi la mafyuzi. Ndinamutsatira mpaka pamwamba pa balaza. Pamenepo panali mtanda waukulu wofiirira, ndipo pamwamba pake panatulukira bawuti, washala, manati awiri, ndi kadontho ka penti yofiira. Pansi panga fani ya pabalaza inkazungulira, koma mtandawo sunkagwedezeka n'komwe.

Ndinakwawa kulowera kuchipinda cha malemu. Mtanda wa pamenepo unali woyera mbee, wowonda, paini wa dzana lomweli. Ndinapisa dzanja kunsi kwake. Timabowo tinayi ta misomali. Bowo la bawuti panalibe, kunsi kapena pamwamba. Kumapeto kwake, pomwe umalowa m'khoma, wina anali atamatapo dothi latsopano. Pakona panatsalira kamulu ka utuchi wofiirira. Ndinatapa pang'ono n'kununkhiza. Amene anakulira m'munsi mwa phiri lino fungo limenelo salifunsa.

Ndinawalitsa tochi denga lonse n'kuwerenga. Mitanda isanu ndi iwiri ya paini, pamalo pomwe panali mkungudza.

Ndiye kuti Hussein sananame. Iye anapachika fani pamkungudza. Wina anabwera pambuyo pake, anachotsa mtanda wonsewo, anaikapo paini, n'kukhomereranso faniyo ndi misomali. Msomali wokhomedwa choloza kumwamba, n'kumaugwedeza tsiku ndi tsiku, umatuluka wokha pang'onopang'ono. Mmisiri wa zamagetsi amadziwa zimenezo. Amene anachita izi sankazidziwa.

Ndinatsika ndili mbuu ngati ndachokera kuchigayo. Mkungudza ndi ndalama masiku ano, ndipo ndinaganiza za mbava. Koma ndi mbava yanji imene imaba mtanda n'kuikapo wina, mpaka kumata dothi bwinobwino?

* * *

Kuseri kwa nyumba ndinapeza mayi wina akutsuka makapu a anamfedwa. Anali Rosie, woyandikana nawo nyumba, wothyola tiyi pa esiteti, amene ankawasamala a Malita. Atangoona kabuku kanga anapukuta manja pachitenje kawiri konse.

“Ine amama sindidziwa kanthu. Ine ndi wa madzi ndi nkhuni basi.”

Anthu osadziwa kanthu ndi amene ndimawakonda. Ndinakhala pa ndowa yovundikira n'kuwongola miyendo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

“A Malita anachokapo pakhomo pano chiikireni mafani?”

“Achoke apite kuti, miyendo yake iti? Kupatula paja anagonekedwa kuchipatala. Mwezi wathawu. Masiku naini, wowadikirira ndinali ine. Muluku wanga, tinavutika! Madala awa anangobwerako kawiri. Kawiri kokha, anthu okwatirana zaka fifite! Azimayi m'wodimo mpaka anayamba kufunsa kuti kodi mayiwa ndi amasiye?”

“Mutabwerako munapeza chosintha?”

“Chosintha palibe. Kungoti bedi linali litasuntha pang'ono, ndi fumbi pa kabati. Ndi chifanicho chinayamba kulira. Poyamba chimangoti fuu, bwinobwino. Titabwerako chimati kwe, kwe, kwe, ngati nkhanga. Ine ndinati tiwaimbire a Diana atumize mmisiri uja. Amama anandigwira dzanja, akuti, ‘Rosie, usawauze. Zisiye choncho.’”

“Anatero a Malita?”

“Ndi pakamwa pawo.”

Ndinalemba. Ndinamufunsa za Lolemba.

“Ndimachapa pompano. Kunja kumatentha ngati kumoto. Ndinamva amama akuitana, ‘Bambo a Chester, tawonjezani mphepo.’ Chester ndi mwana wawo woyamba, anamwalira kale. Ndiye chifanicho chinakweza, kwekwekwekwe. Sipanathe nthawi yoti n'kutsukuluza malaya awiri, ndinangomva phuu!”

Ndinatsegula faelo. M'sitetimenti yomwe anzanga analemba Lolemba, a Pilato ananena kuti ngoziyo imachitika iwo ali kudimba.

“Kudimba?” Rosie anagwira pakamwa. “Kapena ndinamva molakwa. Ine makutu angawa…”

“Makutu anu ali bwinobwino. Shedi iyo ndi ya chiyani?”

Inali shedi yamalata kumapeto kwa bwalo, pachitseko pali loko wamkulu.

“Ya ukalipentala. Madalawa anali kalipentala wa esiteti, zitseko zonse za nyumba za antchito m'malaini muno anakhoma ndi iwo. Kale imakhala yotsegula, timabwerekamo sowo. Chiyambire Malichi ndi chitsekere, kiyi amavala m'khosi. M'mawa uliwonse timamva akupala matabwa. Miyezi seveni, amama, koma osatulutsamo ngakhale kampando.” Anayang'ana uku ndi uku. “Musati ndanena ndine.”

A Pilato ndinawapeza pakona pa khonde ali okha, atavala jekete lakuda ngakhale kunkatentha. Anali bambo wamfupi wa mapewa otambalala, zikhatho zokakala ngati khungwa. Kapu ya tiyi inali m'manja mwawo. Ndinagwada pang'ono n'kupepesa maliro.

“Mnyamata wa magetsi uja mwamutsekera?” anafunsa, osandiyang'ana.

“Eya, bambo.”

“Wadya?”

Pa zaka zanga zonsezi, palibe namfedwa anandifunsapo ngati wopha mkazi wake wadya.

“M'denga munakwerapo liti komaliza, bambo?”

“Ine zokwera m'mwamba ndinasiya kale, mwana wanga.”

Abusa anatulukira pomwepo ndi akuluakulu a mpingo, ndipo ndinawapatsa malo. Ndinabwerera ku Boma mutu ukuwawa. Ndinkadziwa amene anakhoma misomali ija. Chimene sindinkadziwa n'choti munthu angagwetserenji denga la nyumba yake yomwe, komanso kumene mitanda isanu ndi iwiri inalowera.

* * *

Lachitatu ndinafika pamaliro dzuwa litangotuluka kuseri kwa phiri. Pabwalo panaima kagalimoto kokatenga thupi kuchipatala. Shedi ija inali yotsegula, ndipo azibambo anayi ankatulutsamo bokosi.

Bwalo lonse linadzaza ndi manong'onong'o.

“Koma madalawa ndi mmisiri!”

“Tsiku limodzi lokha, taonani kuwala kwake!”

Linali bokosi lofiirira, losalala, makona ake olumikizana mwaluso osaoneka msomali ndi umodzi womwe. Analitsitsa pansi kuti atsegule kumbuyo kwa galimoto. Ndinayandikira ngati wongosirira n'kuikapo chikhatho.

Vanishi anali wouma gwa. Malume anga anali opaka mipando, ndipo ndikudziwa kuti vanishi wopakidwa dzulo amamata chala. Uyu anali wopakidwa katatu kapena kanayi, wouma kwa masabata. M'mphepete mwa chivindikiro munali mpaka kafumbi.

Ndinawerama. Fungo lija la m'denga linandilandira.

Chivindikiro chinali cha matabwa atatu ogundanitsidwa. Cha kumutu, thabwa lililonse linali ndi kachikhomo kozungulira kotseka bowo, kukula kwake ngati kandalama kachitsulo. Tizikhomo titatu pamzere umodzi, tooneka ngati tokongoletsera. Ukatenga mtanda wobooledwa ndi bawuti n'kuucheka matabwa atatu, thabwa lililonse limatuluka ndi bowo lake.

Ndinadzuka pang'onopang'ono, maondo akulira. A Pilato anali chiimire pakhomo pa shedi, akundiyang'ana. Anadziwa kuti ndaona.

“Tadikirani kaye osakweza,” ndinauza azibambo aja. “Bambo, tiyeni tilowe.”

M'shedimo munali mwaukhondo. Masowo, matchizulo ndi mahamala zinali pakhoma, chilichonse pamsomali wake. Pansi panali posesedwa, koma utuchi wofiirira unatsalira m'ming'alu. Ndinakankha chitseko. Iwo anakhala pabenchi yopalira matabwa, manja pamaondo.

“Bokosi limeneli munayamba liti?”

“Malichi.”

“A Malita ali moyo.”

“Ali moyo.” Anapuma mozama. “Inu ndinu wa konkuno, mukudziwa. Munthu sakhomera bokosi mnzake akupuma. Akangomva, ati Pilato wamuitanira imfa mkazi wake, Pilato ndi mfiti. Ndiye ndikanauza ndani?”

“Nanga munakhomeranji?”

“Anandituma yekha.” Anayang'ana kukhoma. “Chaka chija madzi anakokolola kumanda, manda a Chester anagumuka mbali imodzi. Tinapita kukakonza, mayi ake ali pomwepo. Bokosi ndinakhoma ine, la paini. Zaka zitatu zokha, chiswe chinali chitamaliza. Anaona zimene mayi sayenera kuona. Chibwerereni kumeneko sanagonenso tulo tabwino. Adokotala atanena za mtima, anandiuza kuti, ‘Bambo a Chester, ine imfa sindikuiopa, ndikuopa chiswe. Mundikhomere la mkungudza.’ Mkungudza lero muupeza kuti? M'phiri anamaliza, wotsalawo ukagwidwa nawo ndi ndende. Koma ine ndimadziwa pomwe uli. Denga lino ndalikonza kuyambira ndili mnyamata.”

“Ndiye mumachotsa umodziumodzi.”

“Umodzi, ndiikepo paini. Ndiudule pakati m'mwamba momwemo, nditsitse ndi chingwe. Iye amandiyang'anira pazenera ngati kukubwera munthu. Tsiku lina Rosie atapita kumsika ndinamubereka mpaka muno, anagonamo kuti tiyese. Anaseka, akuti m'mapewamu mwathina, kodi mukufuna ndikafike ndili wopindika?” Anasisita benchi ndi chikhatho. “Ndinakulitsa.”

Ndinakhala pa chitsa chomwe chinali pafupi.

“Chinatsala chivindikiro,” anapitiriza. “Mitanda yabwino inali itatha. Wa pabalaza sungachotsedwe, wasenza denga lonse. Unatsala wa kuchipinda, womwe mnyamata uja anapachikapo fani. Atagonekedwa kuchipatala ndinati nthawi yatha, angapite bokosi lilibe chotsekera. Masiku naini amenewo ndinali muno ndi sowo. Anthu amati ndamutaya mkazi.”

“Bwanji simunamuitane Hussein kuti adzapachikenso?”

“Akanaona. Akanafunsa kuti mtanda wanga uli kuti, akanamuuza Diana. Paini uja ndi wowonda, ndinaopa kuti ndikaboola bowo la bawuti ang'aluka. Ndinati misomali inayi ya sikisi, ikwana. Mwana wanga, ine ndakhoma misomali zaka fifite. Madenga a mafakitale, milatho ya m'minda. Palibe msomali wanga unazukapo.” Anatambasula zikhatho n'kuziyang'ana. “Koma zonse zomwe ndinakhoma zinali zongokhala phee. Sindinakhomepo chinthu chovina.”

“Lolemba simunali kudimba.”

“Ndinali pakhomo pa chipinda. Anati ndiwonjezere mphepo. Ndinapotokola mpaka pa faifi, n'kutembenuka kuti ndikamutungire madzi akumwa.” Sanalire. Bwenzi zili bwino akanalira. “Apolisi atabwera ndinangoti kudimba. Ndimati tiike kaye maliro. Akalowa pansi ndi bokosi lake, ndidzapita ndekha ku Boma ndikanene.”

“Hussein akukaonekera kukhoti lero masana. Dzina lake likangowerengedwa pamenepo, ntchito yake yatha. Ali ndi ana anayi, bambo.”

“Ndikudziwa. Masiku awiri ndakhala ndikumuona akulendewera pambedza paja, akuseka.”

Panja hutala ya galimoto inalira. Wina anafunsa mokweza kuti kodi tikudikira chiyani.

Mwalamulo ndinayenera kutenga chivindikirocho ngati umboni. Ndikanatero, a Malita akanapita pansi ndi bokosi lopanda chotsekera, kapena chotsekera cha paini, ndipo mudzi wonse ukanadziwa chifukwa chake thupi lisanafike n'komwe. Ndikanachisiya, umboni ukanakwiriridwa pofika masana. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndinakwiya, ndinene zoona. Ndinakwiyira mkulu ameneyu, ndinakwiyira malemu ndi chiswe chawocho, ndinakwiyira abwana anga ndi mlandu wawo wophwekawo.

“Chivindikiro chokha musanditengere,” anatero a Pilato, ngati amva za mumtima mwanga. “Ine nditengeni. Chokhacho musiyireni.”

“Ndiye ndikaonetsa chiyani kukhoti? Mawu anu okha, loya aliyense adzati ndi mkulu wosokonezeka ndi maliro.”

Anadzuka. Pashelefu panali zitini zakale za mkaka, chilichonse cholembedwa ndi choko. Anatsitsa chimodzi n'kupisamo dzanja. Kalipentala sataya chitsulo. Anatulutsa bawuti wamtali wa mbedza, washala ndi manati awiri zili pomwepo, m'mizere mwake mutatsalira utuchi wofiirira. Pa nati wapamwamba panali kadontho ka penti yofiira.

Anandipatsa ndi manja awiri, ngati mmene timaperekera chinthu kwa wamkulu.

“Mukamuuze mnyamatayo kuti ntchito yake inalibe vuto. Ya pabalaza ija ikuzungulirabe.”

Ndinakulunga bawutiyo m'kampango. Ndinawauza kuti ndijambula chivindikirocho ndi foni, tizikhomo tonse titatu, ndipo azibambo awiri asayina kuti aona. Ndinawauza kuti akaika maliro, ine ndidzakhala ndikudikira panjira ya kumanda. Anangogwedeza mutu.

Chitseko chinatsegulidwa mwamphamvu. Anali Diana, atamanga chitenje chakuda, kiyi wa galimoto m'manja.

“Ababa, anthu akudikira kumotchale. Sajenti, zofunsa zanuzo sizingadikire? Wolakwa muli naye kale.”

Ndinatsegula pakamwa, koma a Pilato anakweza dzanja.

“Iyi ndi yanga, mwana wanga,” anandiuza. Kenako anatembenukira kwa Diana. “Lowa, mayi. Tseka chitseko. Pali zoti umve kwa ine, usadzamve kwa anthu.”

Ndinatuluka n'kuwakokera chitseko. Ndinajambula bokosi, azibambo aja akuganiza kuti ndikusirira luso. Kenako ndinapita pansi pa mtengo wa mapeyala n'kuimbira abwana kuti Hussein asapite kukhoti, amubwezere lamba wake. Anafunsa mafunso ambiri. Ndinati ndikubwera ndi bawuti, akafunse bawutiyo.

Ndisanabweze foni m'thumba, kulira kunabuka m'shedi muja, kulira kwa munthu wamkulu kochokera pansi pamimba. Azimayi a pabalaza atamva anayambitsa nyimbo mokweza kuti amuthandize, poganiza kuti Diana akulira mayi ake.

Ine ndinakhala pamuzu wa mtengo n'kuvula nsapato. Kumanda kunali kutali, ndipo ndinayenera kukayendako wapansi.